Patha miyezi 9 pulogalamu yozindikira mbalame ili m'foni mwanga

Nditangoiika m'foni ndinalemba moitamanda kwambiri, poti umangojambula mbalame kapena kutchera foni pamene ikulira, dzina n'kutulukira. Ena munandiuza kuti ndidzabwerenso chidwi chikadzazirala. Ndabwera.

Pa zithunzi siinandikhumudwitse, bola mbalameyo ioneke bwino. Pa kulira ndiye pali nkhani. M'bandakucha, mbalame zikamaimbira pamodzi, imasokonezeka. Ndipo nthengu yaipusitsa kangapo konse. Sindikuidandaula kwenikweni, chifukwa nthengu ndi kathyali: imatsanzira kulira kochenjeza kwa mbalame zina kuti zithawe n'kusiya chakudya, iyo n'kutola. Ngati imanamiza mbalame zinzake, foni ndi ndani? Batire nayo imatha msanga ukamamvetsera nthawi yaitali.

Chimene chandivuta m'miyezi yonseyi ndi maina. Pulogalamuyi imapereka dzina la Chingelezi ndi la sayansi, lija la mawu awiri limene katswiri wa sayansi Carl Linnaeus anakhazikitsa pa zinyama mu 1758. Koma ndikalemba kuti nantchengwa, imangoti palibe. Lumbe palibe. Chiwombankhanga palibe, chonsecho dzina limeneli likukuuziratu ntchito ya mwini wake, kuti nkhanga zikamuona zibisale. Gogomole ukangolitchula, wamva kale mlomo ukugogoda mtengo.

Poyamba ndinkaganiza kuti maina a m'mabukuwo ndi ouma, opanda nthabwala. Ndinalakwa, ndipo pulogalamu yomweyi ndiyo inandichititsa kuwafufuza. Nantchengwa amamutcha hamerkop, mawu a Chiafrikaans otanthauza mutu wa hamala, ndipo mukamuyang'ana cham'mbali simungatsutse. Dzina la sayansi la lumbe ndi Caprimulgus, kutanthauza wokama mbuzi, chifukwa anthu akale a ku Ulaya, kuyambira nthawi ya Aristotle, katswiri wamakedzana wa ku Greece, ankakhulupirira kuti usiku amayamwa mkaka wa mbuzi. Bodza lenileni! Mbalameyo imadya tizilombo touluka basi, koma dzinalo linakakamira mpaka lero. Ku South Africa kuli mbalame imene amaitcha Piet-my-vrou m'Chiafrikaans, poti kulira kwake kwa mawu atatu kumamveka ngati munthu akuitana motero. Ndiye kuti kulikonse anthu amamva mbalame zikulankhula chinenero chawo.

Mwayi wake, pansi pa mbalame iliyonse pali malo olembapo zako. Poyamba sindinkawalabadira, koma pano ndi amene ndimatsegula kawirikawiri. Ndimalembamo dzina la Chichewa, amene wandiuza, ndiponso maina achipongwe amene ana anga amapeka. Khwangwala kwa iwo ndi Abusa, chifukwa cha kolala yoyera ija. Kakowa ndi Kapitawo, poti amayenda pambuyo pa ng'ombe atavala zoyera, osagwira ntchito iliyonse. Vuto ndi loti zolembazi sungazifufuze. Ukaiwala dzina la Chingelezi, umayenda m'ndandanda wonse kusaka Kapitawo wako.

Kodi ndiichotsa? Ayi, ikhala. Kwa amene akufuna kudziwa kuti mbalame ili pa nthambiyo ndi mtundu wanji, ndi yothandiza ndithu. Koma pa maina enieni ndimafunsabe amayi, ndipo sabata yatha anandiseka nditawawerengera Scopus umbretta, dzina la sayansi la nantchengwa. Anati ndibwereze, kenaka anafunsa ngati ndi dzina la mankhwala a chifuwa.