Wailesi ya sola ya mabandi atatu: kodi imakokadi nkhani za kunja kuno ku Mangochi?

Timawailesi ta sola tadzaza m'mashopu a pa Boma ndi pa mabenchi a mavenda, kuyambira pamsika mpaka kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Mayina a pa bokosi amasiyana koma zamkati n'zimodzi: mabandi atatu (FM, AM ndi SW, kapena kuti shortwave, yokoka masiteshoni a mayiko akutali), kasola kumsana, tochi, polowetsa fulashi ndi memori khadi, komanso batire lotchaja. Ambiri amagulira nyimbo ndi mpira. Ife wailesiyi tikuiona ngati chida cha munthu wofuna kutsata nkhondo ndi ndale za mayiko akunja, ndipo pa ntchito imeneyi ndi yoyenera kugula. Kungoti kasolako musakadalire, ndipo mugulirenso limodzi waya wa mamita 8 kapena 10 wotalikitsira eriyo.

Kuno nkhani za kunja si zongotayitsa nthawi pa bawo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba pa 24 February 2022, tinaimva m'thumba pogula feteleza ndi mafuta ophikira. Pa 2 March chaka chomwecho Malawi inali m'gulu la mayiko 141 amene anavota kudzudzula Russia ku United Nations, pamene Mozambique, Tanzania ndi South Africa anakhala chete, koma pofika March 2023 tinalandira matani 20,000 a feteleza ochokera ku Russia komweko. Achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu November 2023, nkhondo ya ku Gaza ili mkati, ndipo mu April 2024 boma linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. M'boma ngati lathu, lomwe Asilamu ndi Akhristu amagulitsa nsomba pa benchi limodzi, nkhani imeneyi imagawa anthu kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti mikangano yambiri imachokera pa timavidiyo ta pa WhatsApp topanda tsiku, topanda malo, tina ta nkhondo yakalekale. Wailesi imakuuzani amene akulankhula ndi tsiku limene walankhula, komanso sidya bandulo.

Pa FM palibe chodandaula. Eriyo yake mukaitambasula yonse imafika pafupifupi masentimita 60 mpaka 75, mulingo woyenera bandi ya 87.5 mpaka 108 MHz. MBC, Zodiak, Radio Islam ndi Radio Maria, yomwe likulu lake lili konkuno, zimamveka bwino pa Boma ndi m'madera ozungulira. Kuseri kwa mapiri, monga mbali zina za Nankumba kapena potsika ku Namwera, mawu amaduka. Sunthani wailesi pawindo, eriyo muipendeke m'malo moimika chilili. Vuto la FM si la chidachi. Nkhani za kunja pa mawailesi athu zimabwera kumapeto, mitu iwiri itatu basi, pokhapokha ngati zakhudza Amalawi, monga pamene asilikali athu atatu anaphedwa kum'mawa kwa DRC mu January 2025, zigawenga za M23 zikulowa mu Goma. A ku Chiponde, Katuli ndi Makanjira ali ndi mwayi wina: amatha kukoka mawailesi a ku Niassa, chigawo cha Mozambique, ena olankhula Chiyao ndi Chinyanja, ndipo za nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dzikolo, yomwe inayamba mu October 2017 ku Mocímboa da Praia, amazimva kuchokera kwa eni dziko.

AM ndi ya usiku. Masana mulibe kanthu. Eriyo yake ndi kachitsulo kobisika mkati, choncho kutambasula ya kunja sikuthandiza; tembenuzani wailesi yonseyo pang'onopang'ono mpaka mawu akwere.

Nkhani yeniyeni ili pa SW, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amabweza wailesi kusitolo n'kumati ndi yakufa. Si yakufa. Mawu a SW amachokera kutali, amakagunda kumwamba n'kubwerera pansi, ndiye kamvekedwe kake kamasintha ndi dzuwa. Masana funani manambala apamwamba, 15.1 mpaka 15.8 MHz ndi 17.5 mpaka 17.9. Madzulo dzuwa likulowa yesani 11.6 mpaka 12.1. Usiku ndi mbandakucha tsikirani pa 9.4 mpaka 9.9, kapena 5.9 mpaka 6.2. Pakati pa magawo amenewa pamangomveka chiphokoso, ndipo munthu wopotokola mwachangu amadutsa siteshoni osaizindikira, chifukwa bandi yonse anaipanikiza pa kamzere kosakwana chala. Potokolani ngati mukuopa kuithyola, imani pang'ono, mverani. Ndandanda za nyumba zoulutsira mawu zakunja zimalembedwa mu nthawi ya GMT. Onjezani maola 2 kuti mupeze ya kwathu. Manambala amasinthidwanso kawiri pachaka, kumapeto kwa March ndi kumapeto kwa October, choncho siteshoni ikasowa pamalo pomwe munaizolowera, ifunenitu chapafupi.

Eriyo yobwera nayo ndi yaifupi kwambiri pa SW. Tengani waya wa kopa wokutidwa, wonga wa sipika, muutulutse pawindo, muumangirire pamtengo chokwera mamita 3 kapena 4. Nsonga ya m'nyumba musaisende. Ikulungeni maulendo 5 kapena 6 pa eriyo yopinda, pulasitiki yake ili pomwepo. Mukalumikiza chitsulo pa chitsulo, masiteshoni amphamvu amasefukira pa bandi yonse, nthawi zina mpaka FM kumamveka pa SW. Waya asayende m'mbali mwa malata kapena kufupi ndi mawaya a ESCOM. Nthawi ya dzinja, kukangoyamba kuchita mdima wa mvula, masulani wayayo ndipo nsonga yake muitaye kunja. Mphenzi za kunyanja kuno si zoseweretsa.

Mdani wina ali m'nyumba momwemo. Tchaja ya foni yotchipa, mababu a LED ndi inveta ya sola zimatulutsa phokoso lokwirira SW yonse. Ngakhale wailesi yomweyo ikakhala pa tchaja imadzisokoneza yokha. N'chifukwa chake magetsi akathima mawu amayera, ndipo kugombe kapena kumunda imakoka bwino kuposa pa Boma.

Kodi mukavutika chonchi mumvako chiyani? Kunena zoona, SW yatsala ndi ochepa. Channel Africa ya ku South Africa, yomwe akuluakulu ambiri ankaimvera m'Chinyanja, inachoka pa SW mu 2019 atatseka malo oulutsira a ku Meyerton. Voice of America inazima mu March 2025 boma la Donald Trump litadula ntchito za bungwe loiyang'anira. Zomwe mungadalire ndi BBC World Service m'Chingerezi, yokhala ndi nkhani pa ola lililonse pa nthawi imene ikuulutsa, ndi China Radio International, yomwe imamveka mwamphamvu pamalo angapo. Pali za Chiswahili, Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chiarabu, komanso za mipingo zambirimbiri. Apa ndiye pali chilema chachikulu: wosamva Chingerezi kapena Chiswahili sapindula kwenikweni ndi SW, ndipo kwa agogo akumudzi ndalama yomweyo ndi bwino igule wailesi ya FM ya sipika yabwino.

Kwa womva zilankhulozi phindu lilipo, bola akumbukire kuti nyumba iliyonse ili ndi mwini. BBC imayendera ndalama za anthu ndi boma la Britain, China Radio International ndi ya boma la China, dziko lomwe Malawi inapalana nalo ubale kumapeto kwa 2007 itasiya Taiwan. Imvani nkhani imodzi konsekonse usiku umodzi. Onani amene wapatsidwa mpata wolankhula, amene wangotchulidwa, ndi kumene chiwerengero cha akufa chachokera, kaya kwa asilikali a mbali imodzi, kwa achipatala, kapena ku United Nations. Zomwe onse akugwirizana ndizo mungapite nazo pagulu molimba mtima. Zomwe akusiyana, nenani kuti akusiyana.

Kasola kokha ndiye kakutikhumudwitsa, ndipo ogulitsa akanamanena zoona. Kukula kwake ngati chikhatho, mphamvu yake sipitirira wati imodzi, ndipo tambiri timapereka pafupifupi 100 mA (muyeso wa moto wolowa m'batire) dzuwa lili paliwombo. Batire la 1200 mAh (muyeso wa moto umene limasunga) lingafune maola oposa 12 a dzuwa lotero, kutanthauza masiku awiri kapena atatu. Choipa kwambiri n'chakuti kasolako kanamatiridwa pa wailesi, ndiye kuti mutchaje muyenera kuyanika chida chonse. Dzuwa la October kuno, lopitirira madigiri 35 pamthunzi, limaphika batire la lithiamu. Pakapita miyezi limayamba kutha msanga, pulasitiki n'kupindika. Tchajani ndi USB ya mavoti 5, kaya pa magetsi kaya pa sola ya panyumba, wailesi ili pamthunzi. Tochi ndi Bluetooth zimadya moto kuposa wailesiyo, zimitsani.

Pogula, tsegulani kumbuyo. Sankhani yokhala ndi batire lochotseka la mtundu wa 18650, lija looneka ngati la tochi koma lalitali, la mavoti 3.7, chifukwa likafa mumangogula lina. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45 ndipo silipitirira 3500 mAh. Lolembedwa 8800 kapena 9900 mAh, lopepuka m'manja, ndi labodza. Yokhalanso ndi malo a mabatire akuluakulu wamba ndi yabwino kwa asodzi ogona kunyanja. Ngati ilipo yoonetsa manambala pa kagalasi, onjezani ndalama mutenge imeneyo, chifukwa pa SW kudziwa kuti muli pa 9.6 kapena 9.8 kumapulumutsa nthawi. Yesani kopotokolera ngati sikakuterera, gwedezani eriyo patsinde pake pomwe imakonda kuthyoka, ndipo kwezani mawu mpaka kumapeto mumve ngati sipika sikunjenjemera. SW musaiyesere m'sitolo momwe mwadzaza mababu ndi matchaja. Pemphani wogulitsa mutuluke nayo panja, muike pa 15 MHz ngati ali masana, ndipo mugwirizane kuti ikapanda kukoka kanthu usiku woyamba muli ndi waya, mudzaisintha mawa lake.