Elderberry, mapiritsi kapena magwafa: tigule chiti nyengo ya chiperoni?

Chiperoni chikayamba mu June, phiri la Mulanje litabisika m'nkhungu, chimfine chimalowa khomo ndi khomo kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli. Nthawi yomweyo pa WhatsApp ndi pa Facebook pamadzaza zithunzi za timabotolo ta elderberry, ogulitsa akulonjeza kuti timakweza chitetezo cha m'thupi. Ife amene timadwala nyamakazi yotupitsa mfundo, lupus, shuga woyamba paubwana kapena matenda ena a chithokomiro ndife amene abale amatiganizira msanga: "Mayi, imwani izi, thupi lanu ndi lofooka." Amatero chifukwa cha chikondi. Koma matenda athuwa ali ndi khalidwe lake, poti ndi chitetezo chomwecho chimene chimaukira thupi la mwini wake, ndiye ndaika zinthu zinayi pambalimbali kuti tione chimene chikuyenera ndani: elderberry, mapiritsi a vitamini C ndi zinki, vitamini D, ndi zipatso za m'misika yathu.

Ndiyambe ndi elderberry, poti ndiye wabweretsa nkhaniyi. Ndi tizipatso takuda ta mtengo wa ku Ulaya wotchedwa Sambucus nigra. Kuno amafika ngati mankhwala amadzi otsekemera, makapisozi kapena timasiwiti totafuna, ndipo dzina lodziwika kwambiri ndi Sambucol, limene linayambira ku Israel. Kutchuka kwake kunakula ndi kafukufuku wa ku Norway amene anasindikizidwa mu 2004. Anthu 60 odwala chimfine chachikulu cha fuluwenza anagawidwa pawiri, ndipo amene anamwa elderberry anapeza bwino pafupifupi masiku anayi msanga kuposa anzawo. Mu 2016 ku Australia anayesa anthu 312 oyenda maulendo aatali pandege. Chiwerengero cha ogwidwa chimfine sichinasiyane kwenikweni, kungoti amene ankamwa elderberry chimfinecho chinawasiya msangako. Ogulitsa amathera pamenepa. Samatchula za kafukufuku wa mu 2020 wa ku Cleveland, ku America, kumene odwala fuluwenza 87, ana ndi akulu omwe, anayesedwa mosamala ndipo elderberry sanafupikitse matenda ngakhale pang'ono. Choncho umboni wake ndi wochokera kwa anthu ochepa, ndipo ukutsutsana wokhawokha.

Palinso za m'thumba. Ku Norway kuja munthu ankamwa mamililita 15 kanayi pa tsiku kwa masiku asanu, zimene zikukwana mamililita 300. Mabotolo ambiri amakhala a mamililita 120, kutanthauza kuti chimfine chimodzi chikufuna mabotolo awiri ndi theka a katundu wochokera kunja, wogulidwa ndi ndalama zakunja. Kumwa kasupuni kamodzi patsiku pofuna kuti botolo lichedwe kutha sikufanana ndi zimene anayesa kumeneko.

Kwa munthu wopanda matenda ena, elderberry wopangidwa kufakitale sanaonetse vuto lalikulu akamwedwa masiku ochepa. Nkhawa yanga ili pa ife. Mu lupus ndi nyamakazi yotupitsa mfundo chitetezo sichinatsike ayi. Chasochera, chikumenya mfundo, khungu, impso kapena chithokomiro cha mwini wake. Prednisolone, methotrexate ndi azathioprine amene timalandira ntchito yake ndi kuchikhazika pansi. Tsono mu 2001 akatswiri a ku Israel anathira Sambucol pa maselo a magazi a anthu 12 athanzi mu labotale, napeza kuti maselowo anatulutsa timichere toyambitsa kutupa tochuluka zedi, makamaka kotchedwa TNF-alpha. Kameneka ndi komwe mankhwala ena amakono a nyamakazi anapangidwira kuti akatseke. Zoona, zochitika m'kagalasi ka mu labotale sizikhala zofanana nthawi zonse ndi zochitika m'thupi la munthu, ndipo akatswiri amene anaunika kafukufuku yense mu 2021 sanapeze umboni woti elderberry amautsa chitetezo mopitirira muyeso. Koma anthu amene anayesedwa m'kafukufuku wa chimfineyo sanasankhidwe kuchokera mwa odwala ngati ife. Ndikayika phindu losatsimikizika mbali imodzi, mbali inayo n'kuyika impso za munthu wa lupus, ine ndikuti musamwe musanafunse dokotala amene amakulemberani mankhwala, kaya ndi ku Queens ku Blantyre, ku Malamulo kapena pa chipatala cha boma. Ŵerenganinso chizindikiro cha pabotolo, chifukwa ena amasakaniza ndi echinacea, chitsamba china chimene odwala matenda ngati athuwa amalangizidwa kupewa. A shuga akumbukire kuti amadziwo ndi timasiwitito nthawi zambiri zimakhala ndi shuga wambiri. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa nawonso azisiye.

Chenjezo lina ndi la amene angapeze mbewu kapena zipatso zouma n'kufuna kudzipangira okha. Zipatso zaziwisi, masamba ndi timitengo take zili ndi poizoni wa mtundu umodzi ndi wa chinangwa chowawa. Monga chinangwa chija chimafuna kuviikidwa chisanadyedwe, izinso zimafuna kuphikidwa mokwanira. Mu 1983 ku California anthu asanu ndi atatu anathamangitsidwa nawo kuchipatala atamwa madzi ofinyidwa ku zipatso zosaphika pamodzi ndi masamba ndi nthambi zake.

Mapiritsi a vitamini C ndi otsikirako mtengo ndipo amapezeka m'mafamase ambiri. Ubwino wake ndi wakuti anayesedwa pa anthu zikwi zambiri, ndiye tikudziwa pamene amalekezera. Kuunika kwa mu 2013 kwa Cochrane, bungwe losonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, kunapeza kuti kumwa vitamini C tsiku ndi tsiku sikuletsa anthu wamba kugwidwa chimfine. Kumangochifupikitsa ndi 8 peresenti kwa akulu ndi 14 peresenti kwa ana, komwe kwa munthu wamkulu wodwala sabata imodzi ndi pafupifupi theka la tsiku. Kuyamba kumwa chimfine chitagwira kale sikunaonetse phindu lokhazikika. Mapiritsi aakulu aja a mamiligalamu 1,000 osungunula m'madzi, ochuluka ake amangotuluka ndi mkodzo, ndipo kwa amene impso zawo zili kale pamavuto akhoza kuthandizira timiyala ta mu impso. Odwala lupus, amene impso zawo zimakhudzidwa kawirikawiri, asawatenge ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Zinki timamudziwa kale, ndi uja amapatsidwa kwa ana otsekula m'mimba pamodzi ndi Thanzi ORS. Pa chimfine, timapiritsi take toyamwa tikhoza kufupikitsa matenda ndi masiku ngati awiri munthu akayamba tsiku loyamba lomwelo, ngakhale umboni wake si wolimba kwenikweni, ndipo timasiya kukoma koipa m'kamwa mwinanso nseru. Munthu wamkulu asapitirire mamiligalamu 40 pa tsiku kwa nthawi yaitali. Pano pali mfundo imene ndikufuna ifike nyumba iliyonse ya ku Thyolo ndi Mulanje, kumene ambiri a ife tili pa ma ARV. Kuyambira 2019 anthu ochuluka amene ali pa ma ARV m'Malawi amamwa piritsi lokhala ndi mankhwala otchedwa dolutegravir. Zinki, ayironi, kashiamu ndi maginiziyamu zimagwira mankhwala amenewa m'matumbo n'kuchepetsa olowa m'magazi. Lamulo lake ndi kumwa ma ARV maola awiri musanamwe zoterezi, kapena maola asanu ndi limodzi mutazimwa. Timasiwiti tambiri ta elderberry tili ndi zinki mkati, ndiye munthu wofuna kukweza chitetezo akhoza kufooketsa mankhwala amene akuchisungadi. Funsani ku kiliniki yanu musanayambe.

Vitamini D sindimuwerengera pa nkhani ya chimfine, koma pa zinayizi ndi yekhayo amene ali ndi kafukufuku wamkulu wokhudza matenda a chitetezo chosochera. Kafukufuku wotchedwa VITAL wa ku America anatsatira anthu 25,871 a zaka 50 kupita m'tsogolo kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2022 zinati amene ankamwa ma IU 2,000 pa tsiku (IU ndi muyeso wa vitamini ameneyu) anayamba matendawa mocheperako ndi 22 peresenti. Uku ndi kupewa kwa amene sanadwale, si kuchiza amene adwala kale. Wothyola tiyi amene amakhala padzuwa tsiku lonse kawirikawiri thupi lake limadzipangira lokha vitamini ameneyu. Amene angamufune ndi wodwala lupus amene analangizidwa kubisala dzuwa, komanso amene wamwa prednisolone miyezi yambiri, chifukwa mankhwalawa amafewetsa mafupa. Amenewa dokotala ndiye awapimire mlingo.

Tsono zipatso zathu. Munthu wamkulu amafuna vitamini C wa mamiligalamu 75 ngati ndi mayi, 90 ngati ndi bambo, pa tsiku. Magalamu 100 a gwafa ali ndi oposa 200, papaya pafupifupi 60, lalanje 53, chinanazi 48. Gwafa limodzi lokula bwino lakwanitsa kale za tsiku lonse. Magwafa akatha, nachesi za ku Mwanza zimakhala zafika pamsika nthawi yozizira yomweyi, malambe nawonso ndi a m'chilimwe, ndipo masamba a mpiru, nkhwani ndi bonongwe sasowa pa Bvumbwe kapena pa Luchenza, bola osawaphika mpaka kulekeratu kubiriwira kapena kuwathira soda wambiri. Zinki ali mu nyemba, mtedza, usipa ndi nyama. Sindikunena kuti chinanazi cha ku Mulanje chimachiza chimfine, palibe chipatso chimene chimatero. Ndikunena kuti chimapereka zimene thupi likufuna pa mlingo umene sulimbana ndi methotrexate kapena ma ARV, pa mtengo umene banja lingakwanitse mwezi wonse. A shuga adye chipatso chathunthu pang'onopang'ono m'malo mofinya madzi ake, ndipo amene impso zawo zafooka afunse za nthochi ndi mapeyala chifukwa cha potaziyamu.

Ndikazilinganiza zonse, kwa munthu wathanzi amene ali ndi ndalama zake, elderberry ndi chinthu choti akhoza kuyesa masiku asanu akudziwa kuti mwina sichithandiza. Kwa amene ali pa ma ARV, chofunika kuyang'ana ndi zinki. Kwa ife a lupus ndi nyamakazi ndikusankha zipatso, ndipo vitamini D akhale wochita kulemberedwa. Chimene chimandiopsa kuposa zonse ndi munthu kusiya mankhwala a kuchipatala poganiza kuti wapeza zachilengedwe. Prednisolone amene wamwedwa masabata angapo sasiyidwa mwadzidzidzi, thupi likhoza kufooka mpaka moyo kukhala pachiswe. Ndipo amene amamwa mankhwala okhazika chitetezo akatentha thupi asadikire botolo lililonse: apite akayezetse malungo tsiku lomwelo, chifuwa chikapitirira masabata awiri akayezetse TB. Pofika kumeneko mutchule ngati muli pa methotrexate, chifukwa Bactrim amene amaperekedwa kawirikawiri pa chifuwa sayenera kumwedwa pamodzi ndi mankhwala amenewa, awiriwa akakumana amatha kugwetsa maselo a magazi koopsa.