Mapini a trigger pa AR-15: wamba, a sikuluwu kapena a KNS?

Pa mfuti ya AR-15, trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ndi hammer (kanyundo komenya kuti chipolopolo chiphulike) zimazungulira pa mapini awiri odutsa m'mabowo a lower receiver, gawo la m'munsi la mfuti limene mwachidule limatchedwa lower. Mapiniwa ndi onenepa mainchesi 0.154, pafupifupi mamilimita 3.9, ndipo mukayang'ana kunja simuona chilichonse chowagwira. N'chifukwa chake munthu akangoona pini itasuzumira kumbali pambuyo powombera, amathamangira kukagula mapini omanga ndi sikuluwu. Ena amafunikadi kutero, koma ambiri vuto lawo limakhala lili pena.

Tiyambe ndi mapini wamba, omwe asilikali a ku America akhala akugwiritsa ntchito pa mfuti ya M16 kuyambira m'ma 1960 mpaka pa M4 ya masiku ano. Pini iliyonse ili ndi tingalande tiwiri, kena pakati, kena chakumapeto. M'kati mwa hammer muli kawaya kopindika ngati chilembo cha J, ndipo kamagwera m'kangalande ka pakati n'kugwira pini ya hammer. Pini ya trigger imagwidwa mwa njira ina. Miyendo iwiri ya sipuling'i ya hammer imagona pamwamba pa piniyo, mwendo umodzi n'kulowa m'kangalande ka kumapeto kaja. Basi, palibenso china. Sipuling'i imodzi yomweyo ikukankha hammer komanso ikulondera pini.

Apa ndiye pamene pamagona nkhani. Womanga mfuti akalowetsa miyendo ija pansi pa pini m'malo moiika pamwamba, kapena akaveka sipuling'iyo chagada, pini ya trigger imakhala ilibe mlonda. Iyamba kusendera kumbali pang'onopang'ono. Kawirikawiri sipuling'i yovekedwa chagada imachititsanso kuti hammer izimenya mofooka, zipolopolo zina n'kumakana kuphulika. Pini ikatuluka m'bowo la mbali imodzi, trigger ndi disconnector (kachitsulo kogwira hammer mfuti ikangowomba, chala chisanasiye trigger) zimapendekeka, ndipo mfuti imatha kukana kuwomba kapena kuwomba mwini wake asanafune. Zimenezi si zoseweretsa. Koma mankhwala ake n'kuchotsa hammer, kuveka sipuling'i moyenera, n'kuonanso ngati kawaya ka J sikanathyoke. Kumanga pini ndi sikuluwu pamene sipuling'i ili chagada kuli ngati kumata khoma long'ambika pomwe maziko akutitimira.

Mapini a sikuluwu, omwe amagulitsidwa ndi dzina loti anti-walk, ali ndi timitu kumapeto konse kuwiri, moti sangatuluke ngakhale m'kati musakhale chowagwira. Kuzungulira amazungulirabe. Malo awo enieni ndi pa ma trigger obwera atamangidwa kale m'kabokosi kawokawo, amene mumangoponya m'kati mwa lower. Pa ma trigger otere sipuling'i ya hammer imakhala yotsekeredwa m'kabokosimo, sikhudza pini, ndiye tingalande ta pini wamba timangokhala zokongoletsa. Kampani ya CMC imagulitsa ma trigger ake pamodzi ndi mapini a mtunduwu pa chifukwa chimenechi. A Timney anatsata njira ina: pansi pa kabokosi pali timasikuluwu tokankha pansi pa lower, kabokosiko n'kunyamuka n'kupana mapini. Choipa cha mapini a sikuluwu n'chakuti sikuluwu imamasuka ndi kugwedezeka kwa mfuti. Popanda kadontho ka Loctite ya buluu, guluu womata sikuluwu, mudzangoona kamutu kasowa. Komanso simungamasule trigger popanda kakiyi kake, pomwe pini wamba imatuluka ndi panchi kapena nsonga ya chipolopolo.

Kenako pali aja a KNS Precision, kampani ya ku Texas. Awa amalumikiza mapini awiriwo ndi timapuleti kunja kwa lower, moti satuluka komanso sazungulira. Ganizo lake ndi lomveka: pini ndi yachitsulo cholimba, lower ndi ya aluminiyamu, ndiye pini ikamazungulira idya bowo mpaka kulisandutsa chowulungika ngati dzira. Ine ganizoli ndimalivomera theka chabe. Lower yabwino imapangidwa ndi aluminiyamu wa 7075-T6 wokutidwa ndi chikhungwa cholimba cha anodizing, ndipo pa mfuti ya zipolopolo za 5.56mm yowombedwa mwa apo ndi apo, mpope umatha mabowo akadali bwino. Komabe mantha a anthu ali ndi pogwira. Ku America, lower ndiye imene ili ndi nambala ya mfuti, ndipo pamaso pa malamulo iyoyo ndiye mfutiyo. Mabowo akatha, kugula ina kwa wogulitsa wovomerezeka kumafuna kudzazanso Form 4473, fomu ya boma yogulira mfuti, osati kungoitanitsa ngati sipuling'i.

Pamene a KNS amamvekadi ndi pa mfuti za 9mm zoyendera blowback, zimene bolt, chitsulo chotseka chipolopolo kumbuyo, simakhomedwa koma imangokankhidwa ndi mphamvu ya chipolopolocho. Bolt yake ndi yolemera, imabwerera mwamphamvu n'kumenya hammer, ndipo nkhonya yonseyo imathera pa pini. Kuthyoka kwa mapini a hammer pa mfuti zoterezi ndi nkhani yodziwika, makamaka pamene bolt ilibe kotsetsereka kofewetsa kamenyedweko. Pa ma lower a pulasitiki nawonso ndingawaganizire, poti makoma ake salimba ngati aluminiyamu. Koma ngati muli ndi trigger ya Geissele kapena LaRue MBT, gwiritsani ntchito mapini amene anabwera m'paketi. Ma trigger amenewa amagwira mapini ndi sipuling'i monga mwa kale, ndipo opanga anayesa zonse ndi mapini awo omwewo.

Mapini onenepa pang'ono, monga a KNS a mainchesi 0.1555, ndi a mabowo amene akula kale. Musawagule poganizira. Yesani mabowo ndi ma gauge pin, timapini toyezera kukula kwa bowo, kaye, chifukwa pini yonenepa iyenera kudutsanso m'mabowo a trigger, disconnector ndi hammer. Ikathina mmenemo, trigger siibwerera bwino, ndipo mwathetsa vuto laling'ono pobweretsa lalikulu. Pini yoyenera imalowa ndi chala kapena kugogoda pang'ono. Yofuna nyundo yaikulu ikuuzani kuti china chake sichili bwino, mwina utoto wa Cerakote wadzaza m'bowo.

Mukasintha mapini alionse, yesani mfuti ilibe magazini, m'chemba mulibenso chipolopolo. Onani kuti safety, kaloko koletsa mfuti kuwomba, ikugwira, ndi kuti hammer ikukodwa pa disconnector n'kubwerera pa trigger mukaisiya. Ngati upper, gawo la pamwamba la mfuti, mwaichotsa, tchingani hammer ndi chala, isamenye khoma la lower pafupi ndi bolt catch, kachitsulo kogwira bolt kumbuyo, poti aluminiyamu wa pamenepo amatha kusweka.

Eni mfuti za Colt asamale mwapadera asanaitanitse kanthu. Kwa zaka zambiri kuyambira cha m'ma 1990, kampaniyi inkaika mapini aakulu, a mainchesi 0.170, pa mfuti zogulitsa kwa anthu wamba, isanabwerere ku 0.154. Pini ya 0.154 imangoseweramo m'bowo lotere, ndipo palibe sikuluwu kapena puleti imene ingakonze zimenezo. Lower yoteroyo imafuna trigger, hammer ndi mapini zopangidwira mabowo aakuluwo.