Kunyanja, pasukulu pomwepo, mayeso a bungwe kapena digiri: wogwira ntchito pa yunivesite alimbane ndi chiti?

Ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya kalembera pa yunivesite ina ya boma, ndipo nthawi ya bajeti ikafika anzanga amabwera ndi funso lomwelo: ndalama ya maphunziro a ogwira ntchito ndi yochepa, mpata nawo ndi wochepa, ndiye ndilimbane ndi chiti? Ofunsa ambiri si aphunzitsi. Aphunzitsi msewu wawo ndi wolambulidwa kale: masitazi, PhD, kusindikiza zofufuza, mpaka upulofesa. Ofunsa ndi ife enafe, a ku akaunti, ogula katundu, a mu laibulale, a mu labu, a makompyuta, masekilitale, osamalira mahositelo ndi amisiri okonza zinthu. Ndikulembera inuyo, ndipo njira zimene ndiyerekeze pano ndazionera pafupi, zina ndadutsamo ndekha.

Tiyambe ndi imene aliyense amaikonda: wekishopu ya masiku atatu ku Mangochi, ku Salima kapena ku Mponela. Ubwino wake sindiukana. Munthu amachoka pa desiki, lamya ya mu ofesi siimupeza, ndipo amakumana ndi anzake a ntchito yofanana ochokera kwina. Kukumana kumeneku kwafunika kwambiri chiyambire mu Meyi 2021, pamene University of Malawi yakale inagawidwa n'kutuluka UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS. Anthu amene kale ankatsata malamulo amodzi ochokera ku University Office anapezeka kuti aliyense akulemba ake. Wa mu ofesi ya mayeso wa ku Blantyre akakhala tebulo limodzi ndi mnzake wa ku Mzuni, wa ku Bunda kapena wa ku MUST, amasinthana nambala, ndipo nambala imeneyo imadzathandiza tsiku limene zinthu zavuta. Za alawansi nazo tisachite manyazi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a ambiri anasanduka a masabata awiri, ndipo envulopu ya kunyanja yalipirira ana ambiri fizi.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala limene mumalandira tsiku lotsiriza limangochitira umboni kuti munalipo. Komiti yokweza anthu pantchito ikakhala pansi, mapepala otere amangowatembenuza osawawerenga, chifukwa palibe amene anakuyesani kuti aone ngati mwadziwa kanthu. Masiku atatu aja, loyamba limathera pa mawu otsegulira ndi kudziwana, lachitatu anthu mtima uli pa ulendo wobwerera. Chinanso, mayina opita nthawi zambiri amakhala omwewo, ndipo kalaliki amene amagwira ntchito yeniyeniyo amatsala akuyang'anira ofesi. Boma likangolengeza zochepetsa kuwononga ndalama, chinthu choyamba kudulidwa ndi maulendo omwewa. Munthu woika tsogolo lake pa mawekishopu akumanga nyumba pamchenga wa m'mbali mwa nyanja.

Ikani pambali pake maphunziro a pasukulu pomwepo, amene amachitikira mu labu ya makompyuta kapena m'chipinda cha misonkhano, wophunzitsa ali mnzanu wa ofesi yoyandikana. Alibe ulemerero, alibe alawansi, mwina botolo la madzi ndi samusa basi. Komatu kumbukirani 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, amene anaphunzitsa aphunzitsi kuika maphunziro pa intaneti kudzera pa Moodle ndi Google Classroom anali anyamata ndi atsikana athu omwe a makompyuta, ndipo zimene anthu anaphunzira nthawi imeneyo akuzigwiritsabe ntchito. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mumaphunzirira pa kompyuta yanu, pa mafomu anu, pa vuto limene likukudikirani mawa m'mawa. Mukaiwala, wokuphunzitsani mumupeza pakhonde. Ine zimene ndimadziwa pa Excel, zoti mndandanda wa ophunzira masauzande ndiusanje m'mphindi zochepa m'malo mwa masiku awiri, anandiphunzitsa mayi wina wa ku akaunti masana a Lachisanu kwa mwezi umodzi.

Vuto la njira imeneyi ndi loti bwana amadziwa kumene muli. Phunziro lili m'kati, uthenga wafika kuti mukasainitse kalata, ndipo mukamabwerera anzanu apita patali. Komanso palibe pepala. Langizo langa ndi loti mupemphe a HR alembe kalata yonena zimene mwaphunzira ndi masiku ake, ilowe mu fayilo yanu. Pa luso lenileni, maphunziro a pasukulu amaposa a kunyanja kutali. Pa kudziwana ndi anthu, a kunyanja ndiwo apambana. Pa kukwezedwa pantchito, onse awiri ndi opepuka.

Cholemera pa sikelo imeneyo ndi mayeso a mabungwe oyang'anira ntchito zosiyanasiyana, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anzanga ambiri amachedwa kuzindikira. Wa ku akaunti ali ndi ICAM, bungwe la maakauntanti la kuno kwathu, imene imayambira pa satifiketi, kenako dipuloma, mpaka munthu kukhala CA(M), kutanthauza akauntanti wovomerezeka mokwanira. Alinso ndi ACCA ya ku Britain. Wogula katundu ali ndi MIPS kuno kwathu ndi CIPS ya kunja, ndipo ntchito yake imayenda motsata malamulo amene PPDA, nthambi ya boma yoona za kagulidwe ka katundu, imayang'anira, kotero kuti kulakwitsa pang'ono kumakhala nkhani ya maodita. Wa HR ali ndi IPMM. Wa makompyuta ali ndi mayeso monga CCNA a Cisco. Mmisiri wa magetsi, wa mipope kapena kalipentala ali ndi masatifiketi a TEVET kudzera m'makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical College.

Mapepala amenewa amasiyana ndi a wekishopu pa chinthu chimodzi chachikulu: munthu ukhoza kulephera. Ndiye chifukwa chake amalemekezedwa. Komanso ndi ako, si a yunivesite. Ukachoka n'kukafunsira ntchito ku banki, ku bungwe lomwe si la boma kapena ku khonsolo, amakudziwa mlingo wako popanda kufotokoza zambiri. Sutaya malipiro chifukwa umawerenga madzulo ndi Loweruka, ndipo ukhoza kulemba phunziro limodzi kapena awiri pa nthawi malinga ndi thumba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Pakati pa bungwe la kwathu ndi la kunja, kusiyana kwagona pa ndalama. ACCA ndi CIPS zimalipiridwa m'mapaundi, ndipo aliyense amene anayesapo kupeza ndalama zakunja ku banki zaka zino akudziwa mzere wake. Kwacha ikagwa, fizi yako yakwera usiku womwewo iwe uli mtulo. ICAM ndi MIPS umalipira m'makwacha, ndipo misonkho ndi malamulo amene umaphunzira ndi a m'dziko muno, omwe ukawagwiritsa ntchito pa desiki yako. Amene akulakalaka ntchito ya kunja kapena ya mabungwe akuluakulu apadziko lonse, pepala la kunja limutsegulira zitseko zambiri. Amene akufuna kukwera pomwe alipo, la kwathu limukwanira. Dziwaninso kuti kumaliza mayeso si kutha kwa zolipira. Umembala umalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo ACCA imafuna mayunitsi 40 a maphunziro owonjezera pachaka, 21 mwa iwo okhala ndi umboni. Apa ndi pamene misonkhano ya kunyanja ya mabungwewa imapeza tanthauzo: kwa membala imawerengedwa, kwa wongoperekezedwa ndi ulendo chabe.

Pali njira ina yapakatikati imene ambiri amaiiwala, ya makosi afupiafupi a ku Malawi School of Government, imene inabadwa mu 2022 ataphatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba. Sekilitale, wosunga mafayilo, kapena munthu amene wangopatsidwa udindo woyang'anira anzake osaphunzitsidwapo utsogoleri, amapindula kumeneko kuposa pa wekishopu, chifukwa amakhala m'kalasi yeniyeni ndi anthu a m'maunduna ndi m'makhonsolo amene amalemba mamemo ndi maminitsi monga ife tomwe.

Za pa intaneti sindichulutsa. Coursera ndi edX zili ndi maphunziro abwino, ena aulere, ndipo a mu laibulale ali ndi a Research4Life ophunzitsa kufufuza m'magazini a sayansi. Ife a m'mayunivesite tili ndi mwayi umene ena alibe, wa intaneti ya kuntchito, kotero bandulo ya m'thumba siilowapo ngati uwerenga nthawi ya nkhomaliro. Vuto ndi kumaliza. Palibe wokulondola, magetsi akazima madzulo sabata yapita, ndipo ndikudziwa anthu ambiri oyamba kuposa omaliza. Ndimaiona yabwino potseka kampata kamodzi, monga kuphunzira pulogalamu inayake ya ziwerengero, osati pomangapo ntchito yonse.

Tsopano digiri. Kwa amene analowa ntchito ndi MSCE kapena dipuloma, palibe wekishopu kapena kosi yaifupi imene ingalowe m'malo mwake, chifukwa magiredi ambiri a pamwamba amalemba poyera kuti akufuna digiri. Funso ndi loti uitenge bwanji. Kuphunzira uli pantchito, kudzera pa ODeL (maphunziro ochita uli kutali ndi sukulu) kapena makalasi a kumapeto a sabata, kukufala: Mzuni, LUANAR, UNIMA ndi MUBAS onse ali ndi njira zotere, ndipo wa mu laibulale amadziwa kuti maphunziro a ntchito yake ali ku Mzuni. Malipiro amabwerabe, banja uli nalo, mpando wako palibe wokhalapo. Mtengo wake ndi kutopa. Zaka zingapo za Loweruka lopanda ukwati, lopanda chinkhoswe, nthawi zina ngakhale maliro umangofika n'kubwerera, ndipo achibale samvetsa msanga.

Kupita kunja ndi tchuthi cha maphunziro ndi nkhani ina. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalipira masitazi a chaka chimodzi ku Britain, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Ambiri amaganiza kuti mwayi wotere ndi wa aphunzitsi okha, pamene wa ofesi naye ali ndi ufulu wofunsira. Commonwealth ili ndi thandizo la masitazi ophunzira uli kwanu konkuno pa yunivesite ya ku Britain, ndipo kwa mayi kapena bambo amene sangasiye ana, imeneyi ndimaiona yoposa zonse. Oyendetsa mayunivesite alinso ndi maphunziro a DIES, amene DAAD ya ku Germany imakonza pamodzi ndi bungwe la akuluakulu a mayunivesite a kumeneko. Kunja umabwerako ndi maso atsopano, waona momwe ofesi ya mayeso kapena laibulale imayendera kwina. Koma werengani bondi musanasaine. Yunivesite ikakupatsani tchuthi cholipidwa, imafuna mudzaigwirire zaka zakutizakuti, ndipo mukachoka msanga mudzabweza ndalama. Ndinaona mnzanga wina atapeza ntchito yabwino miyezi yochepa atabwerako, n'kuikana misozi ili m'maso chifukwa cha pepala limene anasaina mothamanga.

Zinthu ziwiri muchite musanalipire tambala iliyonse ya digiri, kaya ya kuno kaya ya kunja. Choyamba, funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'sukulu za ukachenjede, ngati sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka. Safunsa anadya phula, ndipo kulira kwa munthu amene wawerenga zaka zinayi n'kuuzidwa kuti pepala lake silidziwika sindifuna kukumvanso. Chachiwiri, tengani buku la malamulo a ntchito ndi ndondomeko ya magiredi, muone ngati digiri imene mukufunayo ikugwirizana ndi mzere wanu. Wa mu labu ya kemisitiri akatenga digiri ya zamalonda, komiti imuuza kuti wachita bwino koma si za ntchito yake. Ndipo ngakhale igwirizane, kukwera kumadikira mpando wopanda munthu. Digiri imakuika pamzere, siikupatsa mpando tsiku lomwelo.

Anthu akandifunsa maganizo anga, ndimayamba ndawafunsa pepala limene ali nalo panopa. Wopanda digiri ndimamuuza kuti ayambe ODeL chaka chino, zina zonse zidikire. Amene ali nayo kale koma ntchito yake ili ndi bungwe, alembetse mayeso a bungwelo, ayambe ndi la kwathu ngati thumba ndi lopyapyala. Amene ali nazo zonse ziwiri afunsire Commonwealth kapena Chevening, ndipo akakanidwa afunsirenso chaka chamawa. Maphunziro a pasukulu pomwepo musawakane ngakhale alibe envulopu. Kunyanja pitani dzina lanu likatuluka, mukatenge nambala za anzanu, ndipo ngati n'kotheka alawansiyo mulipirire phunziro limodzi la mayeso.

Kwa mabwana a madipatimenti ndili ndi pempho limodzi, limene ndalinenapo m'misonkhano yathu. Pokonza bajeti ya chaka chamawa, werengani ndalama ya mafuta, malo ogona ndi alawansi ya ulendo umodzi wa ku Mangochi, muone kuti ingalipirire makalaliki angati mayeso a ICAM kapena MIPS. Mu ofesi yathu tinayesa kamodzi, tinasiya ulendo umodzi, ndipo mtsikana amene ankangolandira ndi kudinda makalata analemba mayeso ake oyamba mwezi wa Juni wotsatira.