Kosi yaifupi kapena kudzipereka: khalidwe la pantchito uliphunzire kuti?

Mabwana ambiri pa intavyu sayang'ana pepala lokha ayi, amafunanso munthu wosunga nthawi, womva malangizo, wodziwa kuyankhula ndi kasitomala wokwiya osamubwezera mawu. Nde funso nkumati zimenezi uziphunzire kuti, pa kosi yolipira kapena pa ntchito yongodzipereka ngati ku Red Cross, ku tchalitchi kaya ku mzikiti?

Ndalama: kosi umalipira fizi. Kudzipereka sulipira kanthu, koma thiransipoti ndi nkhomaliro zimatuluka m'thumba mwako ndipo miyezi ikachuluka zimapweteka ndithu.

Nthawi: kosi sabata imodzi kapena ziwiri watha. Kudzipereka kumafuna miyezi.

Pa zotsatira mpomwe pagona nkhani. Kosi imakupatsa satifiketi yoika pa CV, umadziwanso kalembedwe ka imelo ndi lipoti. Koma kuugwira mtima mnzako akakulakwira, kupepesa ukachedwa, kugawana ntchito ndi munthu amene simumwerana madzi, izi m'kalasi amangokuuza basi, umazidziwa bwino ukakumana nazo wekha. Komanso amene wakuyang'anira kwa miyezi 6 atha kukuikira umboni, bwana akamuimbira foni amakhala ndi chonena chenicheni cha iwe, pomwe mphunzitsi wa kosi mwina dzina lako waiwala kale.

Ngati uli kale pantchito ukufuna kukwezedwa, tenga kosi, makamaka ya Loweruka. Ngati wangomaliza Fomu 4 kapena koleji CV ilibe kanthu, ine ndingati kadzipereke kaye, ngakhale pa chipatala chapafupi ndi kwanu.