Raspberry Shake RS1D: kodi ndi yoyenera pa sukulu za ku Chipata?

Kachipangizo aka, kopangidwa ku Panama, kamayeza kugwedezeka kwa nthaka ka 100 pa sekondi iliyonse n'kutumiza zotsatira pa intaneti, kumene akatswiri a zivomezi ndi mapiri ophulika m'maiko osiyanasiyana amaziona. M'kati mwake muli geophone imodzi, sensa yomva kugwedezeka kopita m'mwamba ndi pansi basi.

Kuikako n'kosavuta. Kaikeni pa simenti ya chipinda chapansi, zungulizani timiyendo take mpaka kakhale mowongoka, lumikizani waya wa intaneti, kenaka magetsi a 5V. Vuto lalikulu kuno ndi kuzimazima kwa magetsi. Akazima mwadzidzidzi kakulemba, memori khadi ikhoza kuonongeka ndipo zikatero kachipangizo sikayakanso mpaka muikonze kapena muikemo ina, choncho batire yosungira magetsi igulidwe tsiku lomwelo. Intaneti ikaduka nthawi imasokonekera, pamene kuyerekeza ndi masiteshoni ena oyeza zivomezi kumadalira nthawi yolondola. Musakaike pafupi ndi chigayo kapena Great East Road, chifukwa kugwedeza nthaka kwa malole opita ku Mwami kumaphimba zonse zomwe kakufuna kumva.

Tinenetse: kunjenjemera kwakung'ono kwa phiri la Nyiragongo, lomwe linaphulika pa 22 May 2021 kufupi ndi mzinda wa Goma ku DR Congo, sikamva, pakuti lili kutali makilomita oposa 1,000. Koma zivomezi zamphamvu za m'chigwa cha Luangwa ndi ku Nyanja ya Malawi kamazigwira bwino, ndipo dera lathuli lili ndi masiteshoni ochepa kwambiri. Mtengo ndi wowawa mukaonjezera msonkho, komabe sukulu yokhala ndi sola ikagule.