Kukhoti kapena pachisankho: njira ziwiri za amayi a ku Botswana

Bungwe la amayi ku Botswana likakhala ndi ndalama zochepa, liyenera kusankha: kukasuma kukhoti, kapena kuthandiza mayi kupikisana pa mpando wa phungu.

Njira ya kukhoti yabalapo kale zipatso. Unity Dow, loya yemwe adakwatiwa ndi mwamuna wa dziko lina, adapambana mlandu wa unzika wa ana ake mu 1992, ndipo mu 1995 lamulo lidasinthidwa kuti ana azitenga unzika wa mayi awo. Mu 2013 Edith Mmusi ndi azichemwali ake adapambananso, osathamangitsidwa panyumba ya makolo awo.

Chisankho n'chouma mutu. Mu 2019 amayi atatu okha ndiwo adapambana m'madera 57, poti m'dera lililonse amatenga mmodzi, komanso ambiri amagwera pa chisankho cha chipulula m'chipani mwawo momwe.

Ndalama: khoti limadya za maloya, kampeni imadya za mafuta, zovala ndi misonkhano.
Kukhalitsa: chigamulo chimakhalapobe, mpando umatha pakapita zaka zisanu.
Zotsatira: khoti limagwetsa lamulo limodzi loipa, phungu amakhalapo pokambirana bajeti.

Wolandidwa malo kapena cholowa apite kukhoti. Mayi wodziwika ku kgotla (bwalo la mfumu), yemwe chipani chili pambuyo pake, ayesere chisankho, ngakhale ine ndingamuuze kuti akonzekere kuyesa kangapo.